Kodi tigwetse makoma mu ofesi kuti antchito azigwirizana?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe: "Ndine woyang'anira za ofesi pa bungwe lina. Tilipo anthu 34, ndipo timagwirira ntchito m'nyumba ziwiri zogonamo zimene tinazisandutsa maofesi. Chaka chamawa tikusamukira pansanja imodzi ya nyumba yatsopano. Abwana athu akufuna kuti pasadzakhale zipinda, tonse tidzakhale m'chipinda chimodzi chachikulu ngati mmene anaonera ku Johannesburg. Akuti tikatero tizidzalankhulana kwambiri ndipo ntchito izidzayenda msanga. Anzanga ambiri akung'ung'udza, makamaka a ku akaunti. Kodi abwana akunena zoona? Ngati ayi, ndikawauze chiyani?"

Mayi, chimene abwana anu akufuna n'chabwino, koma njira imene asankhayo kawirikawiri imabala zosiyana ndi zimene akuyembekezera. Ndakhala ndikujambula mapulani a maofesi kwa zaka zambiri, ndipo pempho limeneli ndalimva kangapo. Munthu wapita kunja, walowa mu ofesi yowala, ya magalasi okhaokha, maluwa ali apo ndi apo, achinyamata akhala pa matebulo ataliatali ndi malaputopu awo. Wabwerako mtima uli dyokodyoko. Koma mlendo amaona ofesi kwa mphindi 20, pamene eni ake amakhalamo maola 8 tsiku lililonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiyambe ndi umboni umene ungakuthandizeni kwambiri pokalankhula nawo. Mu 2018, Ethan Bernstein ndi Stephen Turban a ku yunivesite ya Harvard anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'makampani awiri akuluakulu omwe ankagwetsa makoma pa chifukwa chomwechi cha abwana anu. Iwo sanangofunsa antchito kuti akumva bwanji ayi. Anawaveka tizipangizo tapakhosi tozindikira kuti uyu wayang'anizana ndi uyu ndipo akulankhula, kenako anawerenganso kuchuluka kwa maimelo ndi mauthenga amene ankatumizirana. Anayeza makoma asanagwe, n'kudzayezanso patapita miyezi ingapo atagwa. Pa kampani yoyamba anayeza anthu 52. Makoma alipo, munthu aliyense ankalankhulana ndi anzake maso ndi maso pafupifupi maola 5.8 pa tsiku. Makoma atachoka, nthawiyo inatsika kufika pa maola 1.7. Maimelo anakwera ndi 56 peresenti, ndipo mauthenga achidule a pa kompyuta anakwera ndi 67 peresenti. Pa kampani yachiwiri, pomwe anayeza anthu 100, kulankhulana maso ndi maso kunatsikanso ndi pafupifupi 70 peresenti. Anthu anaikidwa pamodzi kuti azilankhula, iwo n'kuyamba kulemberana makalata atakhala moyandikana.

Zimenezi zimamveka zachilendo mpaka mutakhalamo nokha. Munthu ukamuchotsera khoma la njerwa, amadzimangira lake. Wina amavala mahedifoni ngakhale sakumvera chilichonse. Wina amangoti maso tong'o pa kompyuta kuti aoneke wotanganidwa, mnzake akamadutsa osadzutsa n'komwe mutu. Ndipo amene ali ndi funso amayamba waganiza kaye kuti, ndikalankhula pano andimva anthu 33, ndisokoneza onsewa, mwinanso aona kuti sindidziwa ntchito. Ndiye amangolemba pa WhatsApp.

Kwathu kuno mfundo yomalizayi ndi yolemera kwambiri kuposa kumene kafukufukuyo anachitikira. Tinaleredwa kuti wamng'ono sakweza mawu pamaso pa akuluakulu, ndipo satsutsa bwana pagulu. Mtsikana amene wangolembedwa kumene ntchito angathe kulowa m'kachipinda ka mnzake wamkulu, n'kutseka chitseko, n'kunena motsitsa kuti, "Achemwali, apa sindikumvetsa, tandithandizeni." Mawu omwewo sangatuluke m'kamwa mwake abwana atakhala mamita 5 kuchoka pa tebulo lake. Ndinaziona ndi maso pa bungwe lina limene ndinapita kukaliona patatha miyezi 6 chisamukireni mu ofesi yotereyi. M'kati munali zii, ngati m'chipinda cholembera mayeso. Nditatuluka panja ndinapeza anthu atatu ali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa malo oimikako magalimoto, wina atagwira fayilo, akukambirana bajeti ataimirira, akuponda mango ovunda. Mnyamata wina anali m'galimoto yake, mazenera atatseka, thukuta lili kamukamu, akulankhula pa foni ndi wogulitsa katundu. Ntchito yeniyeni yogwirizana inali itasamukira panja, ndipo bungwelo linkalipira lendi ya chipinda chokongola chimene anthu ankachithawa akafuna kulankhula.

Komabe musapite kwa abwana ndi mtima woti alakwitsa zonse, chifukwa pali chinthu chimodzi chachikulu chimene aona molondola. Nyumba ziwiri zija zikukugawani. M'zaka za m'ma 1970, Thomas Allen wa ku yunivesite ya MIT ku America anafufuza mmene mainjiniya amalankhulirana, ndipo anapeza kuti mtunda wa pakati pa matebulo awo ukamakula, kulankhulana kumatsika mofulumira kwambiri. Okhala moyandikana amalankhulana pafupipafupi, koma mtunda ukafika pa mamita 50 zimakhala ngati winayo ali ku tauni ina. Masitepe okwera pansanja ina, kapena geti yolowera nyumba ina, zimagawa anthu kuposanso pamenepo. Ndikukhulupirira kuti inu mukudziwa kale anthu a m'nyumba yachiwiriyo amene amatha sabata yathunthu osaonana ndi a m'nyumba yoyamba, n'kumangokumana pa msonkhano wa Lolemba. Choncho kusamukira pansanja imodzi kukuthandizani ndithu. Koma taonani kuti chimene Allen anapeza ndi mphamvu ya kuyandikana, osati ya kusowa kwa makoma. Anthu awiri okhala m'zipinda zoyang'anizana, zitseko zili zotsegula, ali pafupi. Anthu awiri okhala kumathero awiri a chiholo chimodzi ali kutali, ngakhale akuonana. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo abwana ambiri amasakaniza zinthu ziwirizi.

Ofesi yopanda zipinda si yachilendo monga mmene imatchukira. Mu 1906 katswiri wojambula mapulani a nyumba Frank Lloyd Wright anamaliza nyumba ya kampani ya Larkin ku Buffalo, ku America, momwe makalaliki ambirimbiri ankakhala m'mizere m'bwalo limodzi lalikulu akuyankha makalata a ogula. Cholinga pa nthawiyo sichinali choti azicheza. Chinali choti mapepala aziyenda msanga ndipo kapitawo aziona aliyense. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, abale awiri a ku Germany, Eberhard ndi Wolfgang Schnelle, anabwera ndi maganizo ena. Iwo ankayamba awerenga kaye kuti ndani amalankhula ndi ndani, kenako n'kuika matebulo m'timagulu motsatira zimenezo, ndi malo otakasuka, makapeti, zomera ndi zotchinga. Mu 1968 Robert Propst wa kampani yopanga mipando ya mu ofesi ya Herman Miller ku America anatulutsa mipanda yosunthika yoti wantchito azidzikonzera malo mmene akufunira. Makampani anatenga mipandayo n'kuipanga timabokosi tothinana, ndipo Propst anadzadandaula nazo kwambiri asanamwalire mu 2000. Nthawi zonse zimayenda chimodzimodzi: woyambitsa amaganizira munthu, otengera amasunga mbali yotchipa yokha n'kutaya zina zonse.

Ndipo kutchipako si tchimo. Chipinda chimodzi chachikulu chimalowa anthu ambiri pa malo ochepa, sichifuna zitseko zambiri, ndipo mawaya a magetsi ndi a intaneti amayenda mosavuta. Lendi ya maofesi mu Lilongwe ndi yowawa, ndipo ngati chifukwa chenicheni ndi chimenecho, abwana anene poyera. Antchito amamvetsa nkhani ya ndalama. Chimene chimawapweteka ndi kuuzidwa kuti akuwachitira zabwino pamene iwo akuona kuti alandidwa kanthu.

Tsopano ndikhazikike pa phokoso, chifukwa ndi limene limagwetsa maofesi ambiri otere, ndipo ndi limene anzanu a ku akaunti akuopa. Mu 2013 Jungsoo Kim ndi Richard de Dear a ku yunivesite ya Sydney anasanthula mayankho a antchito oposa 42,000 a m'nyumba 303. Dandaulo lalikulu kuposa onse la okhala m'maofesi otseguka linali lakuti amamva zolankhula za anzawo ndipo nawonso amamvedwa. Phindu la kufikirana mosavuta linalipo, koma linali laling'ono poyerekeza ndi zimene anataya pa phokoso ndi kusowa pobisala.

Si phokoso lililonse limene limasokoneza. Mvula pa malata, fani ikamazungulira, magalimoto akutali, zonsezi ubongo umazizolowera n'kuziiwala. Chimene ubongo sungathe kuchinyalanyaza ndi mawu a munthu amene ukuwamva bwinobwino. Ungayesetse bwanji, khutu limatola mawuwo n'kuyamba kuwatsatira, ndipo limagwiritsa ntchito mbali yomweyo ya maganizo imene umasungira manambala kapena chiganizo chimene ukulemba. N'chifukwa chake wowerengera ndalama amene akuphatikiza mzere wautali wa manambala amabwerera pachiyambi mnzake akangotchula nambala ya foni. Choipa kwambiri ndi foni. Mu 2010 Lauren Emberson ndi anzake ku yunivesite ya Cornell anasonyeza kuti kumva mbali imodzi yokha ya zokambirana kumasokoneza kuposa kumva anthu awiri onse akulankhula, chifukwa maganizo amakhala akusaka mbali imene ikusowayo. Taganizirani tsono mafoni amene timalandira ife pa tsiku. Wina ndi wa ntchito, wina ndi wa kumudzi wonena za matenda kapena maliro, wina ndi wa kusukulu wokumbutsa za fizi. Munthu sangakane foni ya maliro, ndipo anzake 33 sangachitire mwina koma kumva.

Palinso moni. Ife sitidutsana osapatsana moni, ndipo ine sindingalangize bungwe lililonse kuti lisiye khalidwe limeneli. Koma m'nyumba ya zipinda, wofika m'mawa amapereka moni kwa anthu atatu kapena anayi a m'chipinda chake, enawo akumana nawo pa tiyi. M'chiholo chimodzi, aliyense wolowa, kaya ndi mnzanu, dalaivala, mlendo, kapena mayi wobweretsa mandasi, amadzutsa mitu yonse. Gloria Mark wa ku yunivesite ya California ku Irvine, amene wakhala akufufuza za kudodometsedwa pa ntchito kwa zaka zambiri, anapeza kuti munthu akachotsedwa pa ntchito imene amagwira, pamadutsa mphindi zoposa 20 asanaibwererenso, chifukwa pakatipo amayamba wagwira tina ndi tina. Wolemba lipoti la opereka thandizo, kapena wokonza malipiro a mwezi, amafuna maola awiri osadukiza. Mukamudula kanayi m'mawa umodzi, ntchitoyo adzaigwira madzulo anzake ataweruka, kapena adzapita nayo kunyumba. Kunjaku zidzaoneka ngati ntchito ikuyenda, koma munthuyo akulipira ndi tulo take.

Vutoli limakula chifukwa cha mmene timamangira. Maofesi a kunja amene abwana anaona amakhala ndi kapeti pansi, siling'i yomeza phokoso, ndi zotchinga zokutidwa ndi nsalu. Zimenezi sizioneka pa chithunzi koma n'zimene zimadya ndalama zambiri. Kuno nyumba zambiri zatsopano zimakhala ndi matailosi pansi, makoma a simenti osalala, magalasi akuluakulu ndi siling'i yolimba. Zonsezi zimabweza mawu. Mukafuna kudziwa, pitani ku nyumba yatsopanoyo musanasaine chilichonse, muime pakati, muombe m'manja kamodzi. Mukamva mawu akulira kubwerera, dziwani kuti mpando uliwonse wokokedwa pa matailosi udzamveka mpaka kumathero. Kenako mnzanu aime kutali awerenge nyuzipepala ndi mawu a masiku onse, inu muziyenda chobwerera m'mbuyo mpaka pamene mwasiya kumva mawu ake bwinobwino. Mtunda umenewo ndi umene munthu mmodzi wolankhula adzakhale akusokoneza anzake. M'zipinda zambiri zimene ndayesa, ndimafika kukhoma ndisanasiye kumva.

Nkhani ina ndi ya chinsinsi. Makolo athu anali ndi bwalo, koma analinso ndi kuka. Mlandu umakambidwa poyera, koma akuluakulu asanagamule amayamba apatuka kaye pambali. Mudzi wa bwalo lokha kulibe. Mu ofesi yanu muli nkhani za kuka zambiri: malipiro a anthu, wopempha ngongole ya pakati pa mwezi, wodzudzulidwa, wobweretsa kalata ya kuchipatala, mayi woyamwitsa wofuna malo obisika. Ngati bungwe lanu limasunga mayina ndi mbiri za anthu amene mumawathandiza, kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la Data Protection Act la 2024, ndipo kompyuta yoonekera kwa aliyense wodutsa si malo osungira zoterezo. Anthu a ku akaunti ndi oona za antchito ayenera kukhala ndi chitseko chokhoma. Pamenepa musagonje.

Ndipo chinsinsi sichithandiza kubisa zinthu kokha, chimathandizanso ntchito. Bernstein yemwe uja anachita kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2012, pa fakitale yopanga mafoni ku China, pomwe mizere ya antchito inali pambalambanda kuti mabwana aziona zonse. Anapeza kuti antchito anali ndi njira zawo zachangu zimene ankazibisa bwana akamadutsa, poopa kufunsidwa. Mizere ina itatchingidwa ndi makatani, ntchito m'mizere imeneyo inakwera ndi 10 mpaka 15 peresenti. Anthu akamaonedwa nthawi zonse amasiya kuyesa zatsopano, amangochita zooneka bwino pamaso pa woonayo.

Mbali imene anthu ambiri amaiiwala pojambula mapulani, koma imene kwa ife ndi yaikulu kuposa mtundu wa matebulo, ndi kutentha ndi mpweya. Olli Seppänen ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2006 n'kupeza kuti ntchito ya mu ofesi imayenda bwino kwambiri pa madigiri pafupifupi 22, ndipo pofika madigiri 30 imakhala yatsika ndi pafupifupi 9 peresenti. Mu Okutobala ku Lilongwe madigiri 30 si achilendo, osanena za ku Salima, Mangochi kapena Chikwawa. Gulu la Joseph Allen wa ku Harvard linaika anthu 24 mu ofesi yoyeserera kwa masiku 6, n'kumasintha mpweya iwo osadziwa. Mpweya umene timatulutsa popuma utachuluka m'chipindamo, kukhoza kwawo pa mayeso oganiza ndi kusankha zochita kunatsika, tsiku lina mpaka ndi theka. Anthuwo anali ochepa, koma aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa masana m'chipinda chotseka akudziwa tulo timene timabwera. Tulo timeneto sikuti nthawi zonse ndi nsima ya masana.

Funsani mwini nyumbayo funso limodzi: kodi magetsi akazima, mazenera amatseguka? Nyumba zambiri za magalasi zinajambulidwa modalira makina oziziritsa mpweya. Magetsi akapita, ndipo jenereta ili yongokwanira makompyuta ndi mababu, anthu 34 amatsala m'bokosi lotentha. Chipinda chachikulu chimakhalanso chakuya, moti okhala pakati amakhala kutali ndi zenera, alibe kuwala kwa dzuwa kapena kamphepo. Onaninso pamene jenereta ikaikidwe, isakhale pansi pa mazenera amene mukufuna kumatsegula. Anzathu a ku Harare ali ndi chitsanzo chabwino pa nkhaniyi, nyumba ya Eastgate imene inatsegulidwa mu 1996, yojambulidwa ndi Mick Pearce motengera nzeru za chulu cha chiswe. Usiku mafani amakoka mpweya wozizira kuudutsitsa m'mphako za m'kati mwa konkire, masana konkireyo imaziziritsa maofesi, ndipo mpweya wotentha umatulukira m'machumuni a padenga. Inu simukumanga nyumba yanu, koma phunziro lake mungaligwiritse ntchito: mpweya uzilowera mbali ina n'kutulukira ina, ndipo zotchinga zanu zisatseke njira yake. Kumbukiraninso kuti chimfine chimayenda msanga m'chipinda chimodzi. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2011 anapeza kuti okhala m'maofesi a anthu oposa 6 ankajomba chifukwa cha matenda masiku ochuluka ndi 62 peresenti kuposa okhala okha m'chipinda.

Mwina abwana adzabweranso ndi maganizo oti pasakhale tebulo la munthu, aliyense azikhala pamene wapeza. Kampani yotsatsa malonda ya Chiat/Day inayesa zimenezi ku Los Angeles ndi ku New York kuyambira mu 1994. Antchito ankabwereka laputopu ndi foni m'mawa uliwonse, ena n'kumasunga mapepala awo m'buti ya galimoto, ndipo patangopita zaka zochepa kampaniyo inazisiya. Kwa alangizi anu amene amakhala ku midzi masiku anayi pa sabata, kugawana matebulo n'kwanzeru, bola aliyense akhale ndi kabati yake yokhoma. Kwa amene amabwera tsiku lililonse, apatseni malo awo.

Nanga mukawauze chiyani abwana? Musapite ndi mawu akuti "anthu akukana". Pitani ndi pepala. Kwa masabata awiri, pemphani aliyense alembe madzulo alionse mayina a anthu amene anafunika kulankhula nawo pa za ntchito tsikulo, maola amene anafuna kukhala chete, ndi mafoni angati amene anaimba kapena kulandira. Ndi ntchito ya mphindi zitatu. Mukasonkhanitsa mudzaona timagulu tikuonekera tokha, ndipo nthawi zambiri sitifanana ndi mmene madipatimenti analembedwera. Mwina mudzapeza kuti wogula katundu amalankhula kwambiri ndi a ku akaunti kuposa ndi bwana wake, kapena kuti woona za magalimoto ndi amene amalandira mafoni ambiri kuposa aliyense, ndiye ayenera kukhala pafupi ndi khomo, kutali ndi olemba malipoti.

Pa anthu 34 ine ndingajambule zipinda za timagulu ta anthu 4 mpaka 8 ogwira ntchito yofanana. M'kagulu kotere zimene mnzako akulankhula zimakukhudza, ndiye kuzimva n'kothandiza, ndipo anthu ochepa chonchi amatha kugwirizana okha kuti m'mawa tikhale chete, tilankhule ikakwana 10 koloko. Apa m'pamene wamng'ono amaphunzira ntchito pomvera wamkulu akuyankha foni yovuta. Makoma ake asachite kukhala a njerwa. Mabodi ofika mpaka ku siling'i, okhala ndi galasi chakumtunda kuti kuwala kudutse, amakwanira. Mpanda wofika m'chifuwa umatchinga maso okha, mawu amaudumpha, ndipo umanyenga wolankhula kuti ali yekha. Pambali pa zimenezi payenera kukhala tizipinda tiwiri kapena titatu ta munthu mmodzi kapena awiri, tokhala ndi chitseko, tebulo, soketi ndi zenera, tomwe aliyense angalowemo osapempha chilolezo kukaimba foni, kukachita msonkhano wa pa intaneti kapena kukamaliza lipoti. Tetezani tizipinda timeneti. Ndaonapo kangapo kuti pakangotha miyezi itatu kamodzi kasanduka kosungiramo makatoni a mapepala, kena katengedwa ndi bwana watsopano, anthu n'kubwereranso pansi pa mtengo wa mango.

Bwalo limene abwana akufunalo lipatseni malo ake, ndipo likhale labwino kwambiri. Pamene kampani yopanga mafilimu a makatuni ya Pixar inkamanga likulu lake ku Emeryville, ku America, lomwe linatsegulidwa mu 2000, mkulu wake Steve Jobs anaika malo odyera, mabokosi a makalata ndi zimbudzi pa bwalo lalikulu lapakati kuti anthu a magulu osiyana azikumana okha popita kumeneko, pamene ambiri mwa ojambula anali ndi zipinda zawo zogwiriramo ntchito. Kwa inu bwalo limenelo ndi pomwera tiyi. M'maofesi athu ambiri ketulo imabisidwa m'kakhitchini kamdima pafupi ndi chimbudzi, momwe simungaime anthu atatu. Itulutseni. Ikani pakati pa nsanjayo, pa njira imene aliyense amadutsa, tebulo lalitali lokwana anthu 12, bolodi yolembapo pakhoma, ndi pulinta chapafupi. Pakhale chitseko kapena khoma pakati pa malowa ndi ogwira ntchito, kuti anthu aziseka momasuka. Nkhani zambiri zimene zimakanika pa msonkhano wa Lolemba zimatha pa kapu ya tiyi ndi chinangwa, chifukwa pamenepo dalaivala ndi mkulu wa pulojekiti amakhala pa benchi imodzi.

Za abwana eni ake, afunseni mwaulemu kumene iwo adzakhale. Akati adzakhala ndi ofesi yawo yotseka pamene ena onse ali pambalambanda, antchito adzamva uthenga wake ngakhale wina asaunene. Akati adzakhala pakati pa anthu, auzeni moona kuti chipindacho chidzakhala chete kuposa mmene akufunira. Chimene ndaona chikuyenda ndi kachipinda kawo kakang'ono pafupi ndi pomwera tiyi, chitseko chotsegula nthawi zambiri, ndipo iwo akachokapo ena azichitiramo misonkhano.

Ngati ndalama ndi zochepa, yambani ndi zomeza phokoso musanagule mipando yokongola. Makatani olemera pa magalasi, kapeti m'njira zodutsamo anthu, timphira pansi pa miyendo ya mipando, mashelefu a mafayilo oimikidwa pakati pa magulu, ngakhale mikeka kapena zitenje zokutira mabodi ofewa pakhoma, zonsezi kalipentala ndi telala wa kuno angakukonzereni. Ndipo popeza muli ndi miyezi ingapo, yesani musanasamuke. Tengani chipinda chochezera cha imodzi mwa nyumba zanuzo, muikemo anthu 8 a magulu osiyana kwa mwezi umodzi, makamaka mwezi wotseka mabuku kapena wolemba malipoti. Abwana akhalemo nawo sabata imodzi yathunthu, akulandira mafoni awo onse ali momwemo. Pakutha pa mweziwo khalani pansi nonse ndi pepala lija la masabata awiri, pulani ya nsanja yatsopanoyo ndi pensulo, ndipo a ku akaunti akhale oyamba kusonyeza pamene akufuna chitseko chawo.